Makiyi a Shedi ya Bambo

3 Malichi

Achemwali,

Moni wochuluka kuchokera kuno kwathu. Ine ndi mlamu wanu tili bwino, kaya inu kunjako? Mwezi wathawu simunalembe. Kodi okalamba mukuwasamalirawo akulandani ndi cholembera chomwe?

Nkhani ndi ya bambo. Chifuwa chija munawasiya nacho chaka chatha sichinathe. Lachiwiri lapitali tinkanyamula chitseko kuchokera m'shedi kupita nacho pa galimoto ya kasitomala, pafupi pomwepa. Tili pakati pa bwalo bambo anangotula mbali yawo pansi n'kugwira mpanda, kukamwa kuli yasa ngati nkhuku ya m'chilimwe. Ndinati tiyeni kuchipatala, iwo akuti ndi chimfine chabe. Amene anawagonjetsa ndi mlamu wanu. Anangovala nsapato n'kukaima pakhomo, mpaka bambo anachita manyazi n'kutenga chipewa.

Kuchipatala anawayeza chifuwa chachikulu, sanachipeze. Anawajambula, kenako anawapatsa kapaipi kuti auziremo ndi mphamvu zawo zonse. Adokotala akuti njira za mpweya m'mapapo mwawo zachepa ndipo sizidzabwereranso mwakale. Akuti si mphumu ayi, ndi matenda ena okhalitsa, obwera ndi fodya wa zaka zambiri komanso utuchi. Bambo anawayankha kuti, "Fodya ndinasiya tsiku lomwe tinaika mayi a ana anga. Ndiye mlandu wakale mukundizengera lero bwanji?" Adokotala anaseka pang'ono, ife sitinaseke.

Atipatsa timipope tiwiri topopera mankhwala m'kamwa, kena kabuluu, kena kofiirira. Anafotokoza kagwiritsidwe kake, koma mothamanga chifukwa mzere unali wautali, ndipo mukudziwa kuti makutu a bambo anafa ndi phokoso la ntchito. Pobwerera aliyense wa ife atatu anali atamva zakezake.

Inu mumawaona matenda otere tsiku ndi tsiku. Tiuzeni zochita, mulembe momveka ngati mukuuza mwana. Pa lamya ya kusitolo ija musavutike, bambo akangogwira amati "ndili bwino" n'kundibwezera.

Ine mlongo wanu.


21 Malichi

Mlongo wanga,

Kalata yako ndailandira Loweruka. Ndaiwerenga katatu, kachitatu nditabisala m'chipinda chochapira zovala kuti anzanga asandione nkhope. Moni kwa iwe ndi mlamu. Ine ndili bwino.

Matenda amenewa ndikuwadziwa. M'nyumba ya okalamba muno muli anthu anayi amene ali nawo. Sachiritsika, koma munthu amatha kukhala nawo zaka zambiri. Choopsa ndi masiku amene matendawa amadzuka mwadzidzidzi. Akadzuka mwamphamvu amasiya atawononga, ndipo kawirikawiri munthu sabwereranso pomwe anali. Ntchito yathu ndi kuletsa kuti asamadzukedzuke.

Tsono mvera. Kampope kofiirira ndi ka tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo, ngakhale akumva bwino, ndipo akapopa azichukucha m'kamwa. Kabuluu ndi kothandiza pomwepo akabanika. Kazikhala m'thumba la malaya, osati m'kabati. Mlamu asakoleze makala m'nyumba, zinyalala musaotchere pabwalo, posesa muziwaza kaye madzi. Wachimfine aliyense aziwapatsira moni patali. Mukafunse za katemera wa chimfine ndi wa chibayo kusanayambe kuzizira. Asamangogona ayi, aziyenda pang'ono tsiku lililonse. Akabanika aime, akokere mpweya m'mphuno, n'kuutulutsa pang'onopang'ono milomo itasongoka ngati akuziziritsa tiyi.

Pepala lachiwirilo ndalemba ndi zilembo zikuluzikulu, ulikhome kuseri kwa chitseko. Makhololo akachuluka kapena kusintha mtundu, kukhala achikasu kaya obiriwira, kapenanso akabanika kuposa masiku onse, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Milomo ikada, akamalephera kumaliza mawu, kapena mutu ukayamba kusokonezeka, musadikire munthu aliyense.

Chovuta ndi ichi. M'shedi asalowemonso. Utuchi ndi vanishi ziwamaliza. Ukuwadziwa bambo, ukawauza ndi pakamwa adzavomera, mawa lake udzawapeza ali ndi sowo m'manja. Gula loko. Koma chonde, usawauze kuti maganizowa ndi anga. Mpaka lero sanandikhululukire kuti sindinafike pa maliro a mayi, ndipo akamva kuti ndikuwalamula ndili kutali, adzataya ndi mankhwala omwe. Ndidzawalembera ndekha mtima wawo ukatsika.

Undiuze mmene akugonera, ndi mmene akudyera.

Ine mchemwali wako.


12 Epulo

Kwa mwana wanga woyamba,

Ndikukupatsa moni. Ndikhulupirira uli moyo ndipo ntchito ikuyenda. Ine mphamvu ndili nazo, usamve za anthu.

Sindilemba makalata kawirikawiri, ukudziwa. Ndalemba chifukwa pakhomo pano pachitika chinthu chimene sindingathe kuuza munthu wapadera.

Lolemba la sabata yatha ndinadzuka monga mwa masiku onse, ndinamwa tiyi, ndinavala ovololo yanga. Nditafika pa shedi ndinapeza loko watsopano, wonyezimira, wamkulu ngati chibakera. Ndinaganiza kuti kunabwera akuba. Nditafunsa mlongo wako makiyi, anayang'ana kumbali n'kunena kuti adokotala aletsa. Makiyiwo wawamangirira pa lamba wa buluku lake, akamayenda amalira ngati ng'ombe ya belu.

Shedi imeneyo ndinaimanga ndekha iwe uli kumsana kwa mayi ako. Benchi yogwirirapo ntchito ndinaikhoma ndi manja awa. Mnyamatayu ndinamuphunzitsa kugwira tchizulo asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Lero ndikupempha chilolezo kuti ndione hamala yanga.

Ndinapita ndekha kuchipatala kukafunsa anamwino. Anati adokotala ananena kuti ndizipewa fumbi. Za loko sanatchule. Ndiye loko wachokera kuti? Dzana kunabwera aphunzitsi ena amene ndinawapangira kabati zaka zapitazo, akufuna ina. Ndili pakhonde ndinamva ndi makutu anga ogonthawa mlongo wako akuwauza kuti, "Bambo anapuma, muziyankhula ndi ine." Fisi akafuna kudya mwana wake amati akununkha mbuzi. Matendawa angomupatsa poyambira. Mpongozi wanga sindimunenera choipa, amandisamala, koma mkazi amaima kumene kwaima mwamuna wake.

Chuma cha munthu amagawana iye atapita. Ine ndikadalipo.

Za mankhwala usadandaule. Kabuluu kaja ndi kabwino, ndikapopa chifuwa chimatseguka. Kofiirira ndapopa mwezi wathunthu, sindikumva chimene kakuchita. Ndaganiza zokasunga kuti kadzandithandize tsiku loipa.

Iwe ndiwe wamkulu pa ana anga, ndipo zachipatala ukuzidziwa. Mulembere mlongo wakoyu abweze makiyi. Undiyankhe msanga, ndikudikira.

Ine bambo ako.


29 Epulo

Bambo anga okondedwa,

Ndikupereka moni mwaulemu. Kalata yanu yandipeza dzulo ndipo yandilasa mtima.

Bambo, mlongo wanga sanakulandeni shedi. Amene anamuuza kuti agule loko ndine. Ndinamuuzanso kuti asakuuzeni, chifukwa ndinkaopa mkwiyo wanu. Iye wangosenza katundu wanga. Ngati pali woti mumukalipire, ndine.

Ndinachita zimenezi chifukwa cha zimene ndimaona kuno. Pali bambo wina amene ndimamusambitsa m'mawa uliwonse, anali wopenta magalimoto. Kuti avale malaya amapuma kawiri. Mwana wake akabwera kudzamuona, amasankha mawu oti anene chifukwa mpweya sumukwanira onse. Nditawerenga za inu mutagwira mpanda ndinaona iyeyo, ndipo ndinachita mantha. Koma ndinalakwa kukutsekerani panja ngati mwana. Ndikanayenera kukufunsani. Ntchito ya m'shedi si kucheka ndi kupala kokha. Pali kuyeza, kujambula, kusankha matabwa, kuyankhula ndi makasitomala. Tikambirane zimene mungamachite kopanda fumbi, ndipo makiyi akhale ndi inu.

Chimodzi chokha ndikugwadirani. Kampope kofiirira musakasunge. Sikamveka pomwepo chifukwa ntchito yake ndi yoteteza, monga mafuta amene mumapaka matabwa kuti chiswe chisalowe. Thabwa likadyedwa kale mafuta sathandiza. Tsiku loipa likafika, kameneko sikadzakupulumutsani. Kamathandiza kuti tsikulo lisafike msanga.

Makalata a pa positi akuchedwa masiku ano, choncho iyi ndapatsira mnzanga wa kuntchito amene akubwera kwathuko sabata yamawa. Adzakupatsani pamanja. Ndaikamo jekete yotentha, zophimba pamphuno, ndi kabotolo kolumikiza ku kampope kuti mankhwala azifika bwino m'chifuwa. Mlongo wanga sindinamulembere payekha, mumuonetse yomweyi.

Mundikhululukire, bambo.

Ine mwana wanu.


6 Juni

Achemwali,

Moni. Tili moyo. Kaya inu, popeza simutiuza.

Miyezi iwiri yadutsa chilandirireni kalata yanu ya loko ija. Munati mudzawalembera bambo. Iwo akuti anakulemberani mu Epulo. Ndikamachokera ku positi amandiyang'ana m'manja, ine ndimayang'ana pansi. Tsopano akuti ndikubisa makalata anu. Munandituma kukapala moto ndi manja, inu muli phee.

Bambo sandiyankhula. Tikakhala pa tebulo, mchere uli pafupi ndi ine, amauza mlamu wanu kuti awapatsire. Makasitomala ena akale asiya kubwera, amva kuti ndinalanda shedi ya bambo anga ali moyo. Dzulo pogula misomali, mwini sitolo anandifunsa pamaso pa anthu ngati nyumba yomwe ndasintha kale dzina.

Zimenezo ndingapirire. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Akumapita kwa Amakina, aja a kumapeto kwa msewu wathu amene ali ndi makina opalira matabwa. Kumeneko utuchi umachita kutuluka pawindo ngati utsi. Bambo amanyamuka m'mawa, akuti akukayenda monga ananenera adokotala, n'kubwera masana nsidze zili mbuu. M'shedi mwathu ntchito yambiri ndi ya manja, fumbi lake silifika pamenepo. Ndiye loko wanu wawachotsa pa mvula n'kuwaponya mumtsinje. Ndinapita kukadandaula kwa Amakina, anandiyankha kuti, "Mkuluyu wandiuza kuti anachira, ndipo ine sindingathamangitse munthu amene anandiphunzitsa ntchito."

Katemera anakana. Akuti mwana wowalanda shedi asawatengere kokabayitsa. Kuzizira kwayamba, ndipo theka la msewu uno likutsokomola.

Ndinalonjeza kuti sindiulula, ndipo sindinaulule. Koma mwezi uno ukatha musanalembe, ndiwaonetsa kalata yanu. Ngati mwadwala, tiuzeni. Ngati mwangotanganidwa, dziwani kuti kuno nyumba ikupsa.

Ine mlongo wanu.


20 Juni

Alamu,

Ndine mkazi wa mlongo wanu. Sindinakulembereniponso kalata, mukhululuke zilembo zanga, ndikulembera pabondo pa benchi ya kuchipatala. Amuna anga anakuimbirani lamya kuntchito kwanu Lachitatu n'kusiya uthenga kwa munthu amene anayankha, kaya unakufikani. Ndati ndikufotokozereni bwinobwino.

Bambo ali moyo. Ndiyambe ndi zimenezo.

Ine ndi amene ndimachapa mipango yawo ya m'thumba. Kuyambira tsiku lomwe tinakhoma pepala lanu kuseri kwa chitseko, ndinkayang'ana mpango uliwonse ndisanauviike m'madzi. Masiku onse makhololo anali oyera. Sabata yatha mipango inasiya kubwera m'dengu la zochapa. Nditafunsa, anati sakutsokomolanso. Koma khoma la nyumba yathu ndi lopyapyala, alamu, chifuwa sichibisika. Lolemba ndikusesa kuchipinda kwawo ndinapeza mipango isanu m'jumbo, kuseri kwa sutikesi, yonse yobiriwira. Kampope kofiirira kanali momwemo, kakadali ndi mankhwala ambiri.

Ndinawagwadira n'kuwawerengera pepala lija. Iwo anati, "Mpongozi, ukauza mwamuna wako, andikhomera loko ndi kuchipinda komwe. Ndipatse tsiku limodzi, ndi chimfine ichi." Ndinawamvera chisoni, ndinavomera. Pamenepo ndinalakwa. Pepala limati tsiku lomwelo.

Lachiwiri m'mawa amuna anga analawirira kukagula matabwa. Ine ndinatenga madzi osamba kupita nawo kwa bambo. Ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, manja atatsamira pa mawondo, mapewa akukwera ndi kutsika. Milomo inali itada ngati apaka inki. Thupi likutentha. Atandiona anandiitana ndi dzina la malemu amayi anu, n'kufunsa ngati ana apita kusukulu.

Ndinawapopera kabuluu monga anandisonyezera anamwino. Ndinatsegula mawindo onse. Ndinagwada patsogolo pawo n'kumauzira nawo limodzi ngati tikuziziritsa tiyi, pakatipakati ndikukuwa kuitana aneba. Amene anabwera ndi galimoto ndi Amakina omwe aja. Anawanyamula okha kumsana. Njira yonse ankangonena kuti, "Ine sindimadziwa, mayi, sindimadziwa."

Kuchipatala sanatiimike pa mzere. Anawaika mpweya m'mphuno, kenako chophimba kukamwa chotulutsa nthunzi ya mankhwala, ndi jakisoni wa m'mitsempha. Adokotala anandifunsa kuti makhololo anasintha liti. Ndinanena zoona, kuti mwina masiku asanu. Anati chimfine chinatsikira m'mapapo, ndipo tikanabwera tsiku loyamba mwina akanangotipatsa mapilitsi n'kutibweza kunyumba. Anatinso tikanafika madzulo m'malo mwa m'mawa, sakudziwa zimene akanatiuza.

Lero ndi tsiku lachinayi. Kutentha thupi kwatsika, akudya pang'ono, akutizindikira tonse. Amuna anga sachoka pambali pa bedi, koma bambo amayang'ana kukhoma. Kalata yanu ya loko ija amuna anga ali nayo m'thumba, anabwera nayo kuti awaonetse, koma alephera. Akuti munthu ali ndi paipi m'mphuno sungamuuze kuti ana ake onse awiri anamupangira upo.

Sindikudziwa chimene chakuletsani kulemba, alamu, ndipo sindikuweruzani. Koma mawu anu akusowa kuno.

Ine mlamu wanu.


3 Julayi

Mlongo wanga ndi mlamu wanga,

Moni nonse awiri. Bambo ali bwanji lero?

Uthenga wa pa lamya unandifika patatha masiku atatu, pa kapepala kamene munthu anaiwala m'thumba la yunifolomu. Ndinaimba kusitolo, anandiuza kuti nonse muli kuchipatala, kuposa apo sadziwa. Makalata anu awiri afika pamodzi dzulo. Apo ndi pamene ndadziwa kuti bambo sanalandire kalata yanga.

Ndinawalembera pa 29 Epulo. Ndinaulula zonse. Ndinapatsira mnzanga wa kuntchito poganiza kuti pamanja ifika msanga. Ine kuno ndinkaona ngati bambo awerenga ndipo akwiya kwambiri moti sakufuna kundiyankha, ndiye ndinati ndiwapatse nthawi. Ndafufuza kwa abale a mnzangayo. Akuti atangofika anapeza mayi ake ali kayakaya, anapitirira kwawo, ndipo katundu wa anthu akadali m'sutikesi. Ndamutumizira uthenga, walonjeza kuti abwera nayo yekha.

Sindikumuimba mlandu. Ndikanalemba kawiri. Ndikanakulembera iwe payekha. Mlongo wanga, ndinakusenzetsa dzina loipa pamaso pa bambo ndi pamsewu wonse, ine ndili kuno manja oyera. Lonjezo lija ndalimasula. Nena zonse, nthawi imene ukuona kuti ndi yabwino.

Mlamu, usadziimbe mlandu wa tsiku limodzi. Ine ndinalemba pepala, koma amene anayang'ana mipango ndiwe. Ndilibe mawu okwanira.

Asanatuluke m'chipatala mufunse adokotala akulembereni zochita matendawa akadzayambanso, ndiponso ngati angakupatseni mapilitsi osunga kunyumba oyambira pa tsiku loyamba. Tchuthi ndapempha, andiuza kuti ndidikire mpaka Okutobala.

Ine mchemwali wanu.


28 Julayi

Kwa mwana wanga woyamba,

Moni. Ndili kunyumba tsopano, ndinatuluka masabata awiri apitawo. Sindinena kuti ndili bwino, chifukwa mawu amenewo atsala pang'ono kundipha.

Mnzako uja anafika ndi kalata yako ndikadali m'chipatala. Anagwada pambali pa bedi akulira, ine osamudziwa n'komwe. Kalatayo ndinaiwerenga kawiri. Mlongo wako anali ataima kumapazi kwa bedi. Ndinamufunsa kuti, "Miyezi yonseyi ndikukutcha wakuba, bwanji sunanene?" Anati, "Ndinalonjeza achemwali." Ndinati, "Ndiwe chitsiru." Anati, "Inde, bambo." Ndinamupempha madzi akumwa. Aka kanali koyamba kumupempha kanthu kuyambira Epulo, ndipo anagwetsa kapu.

Iwe unalakwa, ndipo wanena wekha, sindibwerezanso. Inenso ndinalakwa. Ndinabisa mipango ngati mwana wokodza pamphasa, ndinanamiza Amakina, ndinaika mpongozi wanga pakati pa moto ndi madzi. Za maliro a mayi ako, ndinakwiya chaka chimodzi chokha. Zaka zinazo ndinkangosowa poyambira.

Adokotala andiuza mosabisa kuti ulendo uno matendawa atenga gawo lake ndipo mwina silibwera lonse. Ndikuona ndekha. Posamba ndimakhala pa mpando. Chakudya ndimadya pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, chifukwa mimba ikadzaza mpweya umasowa pokhala. Atilembera pepala lawolawo la zochita, tapachika pambali pa lako, ndipo mapilitsi a tsiku loipa akusunga mpongozi. Kofiirira ndikupopa m'mawa ndi madzulo kudzera m'kabotolo kako. Katemera anena kuti ndikabayitse thupi likalimba, ndipo ndipita. M'mawa uliwonse ndimayang'ana ndekha mpango wanga n'kuuza mpongozi mtundu wake asanafunse. Si nkhani yokoma pa nthawi ya tiyi, koma tazolowera.

Makiyi andibwezera. Ndinawagwira tsiku limodzi n'kuwaperekanso, chifukwa palibe chimene ndingakachite m'menemo. Mlongo wako wandiikira tebulo pakhonde, mbali imene mphepo imachokera. Makasitomala amayamba kwa ine, ndimajambula ndi kulemba miyeso, iye amacheka. Tsiku lopaka vanishi ndimalowa m'nyumba n'kutseka mawindo a mbali imeneyo.

Kalata iyi ndayamba Lachisanu, lero ndi Lolemba. Ndimalemba pang'ono n'kupuma. Ubwere mu Okutobala monga wanenera. Usanyamule katundu wambiri. Apa cholembera ndapatsa mlongo wako amalize.

Ine bambo ako.

Achemwali, ndine tsopano. Bambo akuti ndilembe kuti jekete yawakwana koma mabatani ake ndi osokedwa mwaulesi. Agona pa mpando, ndiye zotsatirazi ndi zanga.

Aonda kwambiri, mukonzekere mtima musanawaone. Masiku ena amangokhala n'kumayang'ana chitseko cha shedi mpaka ndimasowa pothawira. Koma akuyenda. Dzulo anafika pa geti n'kubwerera, anapuma kawiri panjira.

M'mawa uno ndinatulutsa tebulo la kasitomala pabwalo kuti liume. Ndinali nditaliyeza ndi sikweya mbali zonse. Bambo ali pakhonde, kutali konse kuja, anakweza dzanja n'kundikodola. Ndinathamanga poganiza kuti abanika, ndinafika kabuluu kali kale m'manja. Anakankha dzanja langa. Anakoka mpweya katatu kuti amalize mawu awo: "Mwendo wakumanzere... wakumbuyo... watalika."

Ndinabwerera ndi tepi kukayeza. Unalidi utatalika.